Chaka Chimene Anati Amuna Anga Amanga Mvula

Kwa Chulu anthu akamakumbutsana za chaka chimenecho amati chinali chaka cha ng'amba ya Januwale. Ena amachitchula chaka chimene njovu zinathyola waya wa kunkhalango n'kudzatha maungu m'minda ya kumadzulo. Ine ndili nalo dzina langalanga la chaka chomwecho, koma sindilitchula pagulu, chifukwa ambiri mwa amene anachita zimenezi akali moyo, ndipo Lamulungu lililonse amavala bwino n'kupita kukaimba.

Ndine Elube, kwathu ndi ku Chamama. Amuna anga, aYosefe Mwale, ananditenga chitengwa kupita nane kumudzi kwawo. Pofika chaka chimenecho tinali ndi ana awiri aakazi: Rute, amene anali atayamba sukulu, ndi Mariya, amene anali atangosiya bere.

Okutobala

Chaka cham'mbuyo tinali titakolola bwino. Sikuti tinkadziwa ulimi kuposa anzathu ayi. Makuponi a feteleza tinalandira, khola la mbuzi linatipatsa manyowa, ndipo amuna anga sankamwa, ndiye nthawi imene anzawo ankatsata ng'oma ya mowa iwo amakhala ali kumunda. Nkhokwe yathu inadzaza mpaka kudenga pomwe za ena zinalekera m'chiuno. Apa ndi pamene manong'onong'o anayambira, akuti aYosefe amakawa, ali ndi mankhwala okokera chimanga cha m'minda ya anzawo kuti chizikabereka mwa iwo.

Chimanga chakecho sitinachidyerere n'komwe. Apongozi anga aakazi anadwala chilimwe chonse, mbuzi zinathera kuchipatala, ndipo atamwalira mudzi wonse unadzakhala pasiwa n'kumadya za m'nkhokwe yomweyo imene ankainena. Palibe anakana mbale poopa kuti ndi chimanga chokawa. Pofika Okutobala, tikuunga mizere dzuwa likuswa mtengo, nkhokwe inali itatsika moti ndinkachita kulowamo kuti nditape.

Nyakwawa ya mudzi wathu inali nkhalamba yosaonanso bwino, choncho zambiri ankayendetsa ndi alamu anga aFanuwelo, akulu awo a amuna anga, bere limodzi. Iwowo ndi amene anabweretsa maganizo oitana sing'anga wa kutsidya kwa malire kuti adzatsirike minda mvula isanagwe, ndiponso adzatemere mphini munthu aliyense, wamkulu ndi mwana yemwe, kuti amene ali ndi zoipa zimusukulukire. Khomo lililonse linayenera kupereka nkhuku. Anthu anavomera onse, a mpingo wathu ndi a mipingo ina yomwe.

Amuna anga anakana, koma osati mwaphokoso. Alamu atabwera kudzatenga nkhuku, anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti ngati nkhukuyo ndi ya ndiwo atenge, koma ya sing'anga ayi, ndipo lumo silikhudza iwo, ine kapena ana.

"Achimwene, thupi langali ndinalipereka kale tsiku limene ndinabatizidwa. Sindingalitengenso n'kukapatsa wina."

Alamu anaimirira n'kusansa fumbi kuthalauza. "Wopanda chobisa saopa lumo," anatero, n'kumapita.

Tsiku lomwelo ndinawadandaulira amuna anga. Ndinati mphini ndi tizilonda tating'ono topola msanga. Ndinati akuluakulu a mpingo omwe akatemetsa, nanga ife ndife yani. Ndinati mudzi sulimbana nawo uli ndi ana aang'ono. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati zonsezo akuzimva, koma sangathe. Amuna anga ndi munthu wofatsa, woti ukhoza kumulanda khasu m'manja osakuyankha, koma akati sangathe ndiye kuti nkhani yathera pomwepo. Tsiku lotemera tinatseka chitseko n'kupita kumunda ndi ana omwe, ndipo tikulima tinkamva nthungululu kumudzi.

Novembala

Makuponi anabwera mochedwa monga mwa masiku onse, chizimalupsa chitagwa kale. Tinakasonkhana pabwalo la sukulu, dzuwa lili paliwombo, kumvetsera maina. Anaitana amasiye, anaitana okalamba, anaitana ngakhale anyamata opanda munda, oti kuponi akailandira akagulitsa kwa mavenda tsiku lomwelo. Dzina lathu silinamveke. Amuna anga atafunsa, alamu, amene anali m'komiti yosankha anthu, anayankha aliyense akumva kuti makuponi achepa chaka chino, ndipo munthu amene ali ndi Mulungu wakewake sangasowe feteleza. Anthu anaseka. Ena mwa osekawo tinkapemphera nawo denga limodzi.

Chaka chimenecho amene alandira ankagawana thumba ndi anansi awo, ndowandowa, kuti aliyense athireko kangachepe. Ife palibe anatiitana. Feteleza wa m'sitolo sitikanamufika, mtengo wake unali wa eni maesiteti. Tinadzala mbewu ya m'nkhokwe ndi timanyowa topalapala m'khola lopanda mbuzi. Chimanga chinamera ndithu, mizere yonse, ndipo amuna anga anati ndione mmene Ambuye akutikumbukira. Sindinawatsutse. Kumera n'kwina, kubereka n'kwina, koma zimenezo ndinangozisunga mumtima.

Disembala

Ufa unayamba kuchepa Khirisimasi isanafike. Tinayamba kupita kuganyu ku esiteti ya fodya imene inachita malire ndi minda ya mudzi wathu, m'mawa kwa eni ake, madzulo kwathu. Ntchito inali yopalira ndi kubandira fodya, malipiro ake chimanga cha m'mbale, nthawi zina madeya. M'mudzi munalinso olemba ganyu, koma ife ankatiuza kuti anthu akwana. Ankaopa kuti tikaponda m'munda mwawo chimanga chawo chitsatira mapazi athu.

Ku esiteti kuja ndi kumene tinadziwana ndi aMakwinja ndi akazi awo, matenanti ochokera ku Phalombe. Ankakhala m'kanyumba ka udzu kuseri kwa zigafa zoyanikamo fodya, akudalira phoso limene bwana ankawapatsa pamwezi, loti mwezi ukafika pakati latha kale. Nkhani yathu anali ataimva, koma sanatifunse kanthu. Mayi Makwinja ankangonditengera Mariya kumsana kwawo akaona kuti ndatopa.

Kutchalitchi sanatithamangitse. Akanatero bwenzi kuli bwino, tikanadziwa pamene taima. Ankangosendera. Ndikakhala pamkeka wa amayi, pambali panga pankatsala malo oti n'kukhalapo anthu ena. Amuna anga, amene kale ankapatsidwa pemphero lotsegulira, anasiya kuitanidwa. Mkulu wa mpingo wathu, aChisale, akakweza dzanja polalikira, mkono wa shati unkatsika n'kuonetsa timizere takuda ta mphini, ndipo anthu ankayang'ana kumbali, popeza aliyense anali nato take.

Januwale

Mvula inadula pamene chimanga cha anthu chinali m'chiuno, chathu chili m'mawondo, chachikasu. Poyamba anthu anati ndi kang'amba ka chaka ndi chaka, kopalirira. Sabata inatha, inanso inatha. Masamba anayamba kupota m'mawa momwe, fodya wa ku esiteti analefuka, dambo linang'ambika. Masana mitambo inkasonkhana kumadzulo cha kunkhalango, yakuda bii, mabingu n'kumamveka, amayi n'kuthamangira kukaanula zovala. Kenaka kamphepo kankabwera n'kuimwaza yonse.

Mtengo wa chimanga unasiya kukhala pamodzi. Ndowa imene wafunsa Lolemba, pofika Lachisanu mavenda akuuza zina, ndowa yakenso yophwanyidwa kunsi kuti mulowe chochepa. Kumsika wa boma anthu ankatandala pamzere n'kubwerako ndi kachigoba, mwinanso chimanjamanja. Mphekesera ndiye zinali chakudya cha aliyense: kuti malole a chimanga chaulere anyamuka kale ku Lilongwe, kuti ayi, chimanga chonse chikuwoloka malire, kuti fodya chaka chino adzagulidwa bwino ndiye matenanti apirire. Ife tinkadya kamodzi patsiku, phala la madeya, nkhwani, ndi mango aawisi ophika.

Amuna anga anachita chimene ankachidziwa. M'mawa uliwonse asanapite kuganyu ankagwada kumapeto kwa munda wathu, pansi pa mtengo wa mthethe, n'kukweza manja kupempha mvula. Sankapempherera munda wathu wokha. Ndinkawamva akutchula minda ya anthu ndi maina, wa alamu womwe. Koma njira ya kudambo inkadutsa pomwepo. Amayi opita kukatunga madzi anawaona, ndipo posakhalitsa mudzi wonse unadziwa kuti aYosefe amalawirira kukakankha mitambo ndi manja. Akuti popeza anawamana kuponi, amanga mvula kuti aliyense afanane nawo.

Ndinawapempha kuti azipempherera m'nyumba, ndipo anavomera. Anthu anati tsopano ayamba kubisala nazo.

Kumapeto kwa mwezi kunabwera aChisale. Anakhala pakhonde, m'nyumba sanalowe. Analankhula motsitsa ngati munthu wodzapepesa maliro. Anati mudzi watentha, anyamata akukambirana zoopsa, ndipo alamu atumiza kale uthenga kuti sing'anga uja abwerenso.

"M'bale wanga, ingotemetsani basi. Tonsefe tinatemetsa, ndipo Mulungu akudziwa kuti tinachitira mtendere. Mukatero mudzalape Lamulungu, nkhani yatha."

Amuna anga anawayang'ana. "Ndinu amene munandiphunzitsa kalasi, aChisale. Munkati tisapite kumeneko ngakhale zinthu zitavuta. Kodi simunkanena za chaka ngati chino?"

AChisale anayang'ana kumwamba kumene kunalibe mtambo, anatsanzika, n'kukwera njinga yawo.

Febuluwale

Anabwera masanasana, osabisala. Ndinali pabwalo kupeta madeya pamene ndinawaona akutulukira kunjira ya kudambo. Patsogolo panali sing'anga uja, munthu wamfupi wovala jekete la suti, kalilole ali m'manja. Pambuyo pake alamu ndi amuna a m'mudzi, kenaka amayi ndi ana, ngati anthu operekeza mkwatibwi. Rute ataona khamulo anabereka Mariya n'kuthawira m'chimanga, ndipo ndimathokoza kuti zotsatirazo anangozimva.

Sing'angayo sanafunse aliyense. Anazungulira kuseri kwa nyumba, anapisa dzanja m'udzu wa denga n'kusolola nsupa yokulunga mikanda. Denga limenelo udzu wake ndinamweta ndine, ndipo pofolera ndinkaponyera ndine. Chinthucho ndinali ndisanachionepo. Anachikweza m'mwamba, anthu n'kuyamba kukuwa.

Amuna anga anatuluka okha m'nyumba n'kunena kuti chinthucho si chawo. Sanamalize. Wina anawamenya ndi mpini kumsana, ena anawagwetsa pansi n'kuwang'ambira malaya. Alamu anawakhalira pamiyendo. Sing'anga anawatema pamphumi, pachifuwa, m'mikono ndi kumsana, mozamitsa kuposa mmene anatemera ena onse, n'kupaka zakuda m'mabalamo. Kenaka anawatsina mphuno n'kuwathira m'kamwa madzi a m'chikho. Ine anandigwira amayi awiri, mmodzi mwa iwo anali yemwe anandilandirira Mariya tsiku lobadwa. Sing'angayo ananditemanso pamkono, ndipo sindinalimbane.

Amuna anga sanatukwane munthu. Mawu okha amene ndinawamva akunena anali akuti, "Achimwene, mwendo mukundithyola." Alamu anasendera pang'ono, koma sanadzukepo.

Atatha apo onse anapita kumunda kukakumba pansi pa mthethe, akuti kufuna mizu ya mankhwala. Pokumbapo anatchetcha chimanga chonse cha mbali imeneyo, chomwe chinali chabwinoko chifukwa cha mthunzi.

Mawa lake, cha kumasana, mvula inagwa.

Inagwa yamphamvu, yosalekeza, fungo la dothi lili ponseponse. Mudzi wonse unalira nthungululu, ana akuvina pamatope. Amuna anga anali chigonere pamphasa chafufumimba, akusanza zimene anawamwetsa, madzi akudontha kuchokera pamene sing'anga anaboola denga. Anadzutsa mutu n'kunena kuti tiyamike, minda ya anthu yapulumuka. Ndinatuluka panja kuti ndisawayankhe.

Ndinaima pamvulapo n'kumufunsa Mulungu funso limene sanandiyankhe mpaka lero. Akanaigwetsa dzana lake, amuna anga sakanakhudzidwa. Akanaichedwetsa sabata ina, anthu akanaona okha kuti azunza munthu wosalakwa. Koma pa masiku onse anasankha lokhalo limene linasandutsa bodza kukhala umboni. Kuyambira tsiku limenelo panalibenso wokayikira. Ngakhale amene poyamba ankatimvera chisoni chamumtima anati maso awo aona.

AMakwinja atamva anabwera kudzationa, n'kutilangiza kuti tikanene kupolisi. Ine ndinali nditamanga kale chitenje. Amuna anga anati sangamangitse mwana wa mayi awo, mayiwo asanathe n'chaka chomwe m'manda. Ndinawafunsa ngati mwana wa mayi awoyo anakumbukira zimenezo pamene ankawakhalira pamiyendo. Anatembenukira kukhoma.

Malichi

Mabala aja anatukusira, ndipo amuna anga anakhala masabata osagwira khasu. Kuganyu ndinkapita ndekha, mbale imodzi pakamwa panayi. Fodya anali atayamba kuthyoledwa, ndiye ndinkatandala m'chigafa kusoka masamba, manja akuda ndi phula lake, n'kubwerera dzuwa litapendeka.

Mariya anayamba kutupa mapazi. Tsitsi lake linafiira n'kumathothoka, ndipo anasiya kulira, ankangoyang'ana. Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono cha kuderako, kumene anamwino anatilandira bwino, anatipatsa mankhwala ndi chiponde, n'kunena kuti zikapitirira ndithamange naye kuboma. Mwanayo anakhala ngati akutsitsimuka, kenaka anayamba kutsegula m'mimba. M'mawa umene ndinaona kuti maso ake alowa, ndinayenda khomo ndi khomo kupempha njinga. Ina inali yophulika tayala, ina mwini wake anali atachoka, ina inali ndi ulendo. Ya alamu inali chitsamire pakhonde, koma akazi awo anandiuza ali m'nyumba kuti alibe ulamuliro nayo. Ndinamubereka mwana n'kuyamba wapansi kulowera kumsewu wa magalimoto. Sindinafike. Ndinadziwa chifukwa mpweya wake unasiya kunditenthera pakhosi. Ndinaima panjira pakati pa minda ya fodya, ndinamangitsa mbereko, n'kutembenuka.

Kwathu kuno maliro sakhala a munthu mmodzi. Ngakhale wakuba akafa anthu amasonkhana. Koma tsiku limenelo pakhomo pathu sipanafike munthu wa m'mudzi. Nkhani inali itayenda kale yakuti aYosefe apereka mwana kulipira mankhwala amene anawalanda. Adzukulu anatumiza mawu akuti makasu awo sakumbira nyumba ya mfiti. Amuna anga anamva zimenezo ali chikhalire pafupi ndi mwana. Anadzuka, anatenga khasu, n'kulowera kumanda okha, akutsimphina. Ine ndinatsala ndi Rute. Ndinalira ndekha, ndipo kulira kwa munthu mmodzi pamaliro kumamveka ngati misala.

Dzuwa litakwera ndinamva mapazi. Anali matenanti a ku esiteti, aMakwinja patsogolo, makasu ali pamapewa, akazi awo pambuyo. Anasiya fodya m'munda nthawi yothyola, akudziwa bwino kuti kapitawo awadula phoso. Ena anali a mipingo ina, ena sankapemphera n'komwe. Amuna anapitirira kumanda, kumene anakapeza amuna anga atakumba mpaka m'mawondo, mabala a kumsana atatseguka, n'kuwalanda khasu. Amayi analowa m'nyumba n'kuyamba kulira nane m'chilankhulo chakwawo. Mayi Makwinja anamusambitsa Mariya n'kumukulunga m'chitenje chawo chopitira kutchalitchi. Bokosi panalibe, tinamuika m'mphasa.

Njira ya kumanda inkadutsa pakhomo pa alamu. Anali pakhonde. Tikudutsa anaimirira n'kuvula chipewa, koma phazi silinatsike pakhondepo. AChisale anatipeza kumanda dzenje litatha. Anaima poteropo, anawerenga mawu ochepa mothamanga, n'kunena kuti akudikiridwa kwina.

Choncho pemphero lotsiriza anapereka ndi bambo a mwana. Anagwada pamulu wa dothi lofiira, anthu n'kuwerama. Tinadikira. Patapita nthawi anati, "Ambuye, ine sindikumvetsa." Kenaka anati ameni. Pa mapemphero onse a chaka chimenecho, ndi lokhalo limene ndinavomereza ndi mtima wanga wonse.

Epulo

Njala inayamba kumasula. Maungu anapsa, mondokwa anapezeka, ndipo amayi ankasinja chimanga chachiwisi n'kuyanika kuti apeze ufa. Utsi unayambanso kufuka m'makomo masana. Chakudya chimene chikanamupulumutsa Mariya chinali mbwee m'munda momwemo, mochedwa ndi masabata ochepa, ndipo dzungu loyamba limene ndinaphika linandikanika kumeza.

Nthawi ya mgonero itayandikira, akulu a mpingo anawaitana amuna anga. Anapita atavala jekete, akuganiza kuti mwina akukawapepesa. Anakawauza kuti popeza m'nyumba mwawo munapezeka nsupa, ndiponso anamwa mankhwala a sing'anga anthu akuona, ayambe akhala kumbuyo osalandira mpaka nkhaniyo iunikidwe. Amuna anga anafunsa ngati munthu womugwira mphuno amakhala kuti wamwa. Anawayankha kuti mpingo uyenera kusunga mbiri yake. Abusa ankakhala kutali, ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ankadziwa zokhazo zimene akuluwo awauza.

Lamulungu la mgonero amuna anga anakakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko pamene anthu amatsamiritsa njinga, n'kumaonerera amene anawagwira manja ndi miyendo akulandira chikho. Ine sindinapite, ndipo sindinapondemonso m'tchalitchi chimenecho. Sanandikakamize. Lamulungu lililonse ankapukuta nsapato, ankagwira Rute padzanja, n'kupita kukakhala pamalo awo a kuchitseko. Ndinawafunsa chimene amakatsata kwa anthu oterowo. Anati sapitira iwowo.

Meyi

Tinakolola. Zonse zinakwana m'ngolo imodzi yosadzaza, zitsononkho zazifupi ngati chala. Ndikanakonda kunena kuti amene anatizunza minda yawo inawakana, koma ndinganame. Mvula ya Febuluwale ija inapeza feteleza m'nthaka, ndipo ambiri anakolola zowafikitsa patali. Alamu anamanga nkhokwe yachiwiri. Amene analira ndi matenanti. Fodya sanagulidwe bwino ku okushoni, ndipo bwana atachotsera phoso la chaka chonse ambiri anatsala opanda ngakhale yokwerera basi.

Chimene chinandipweteka kuposa njala chinali moni. Mimba zitakhuta anthu anayambanso kutipatsa moni ngati palibe chinachitika. Mmodzi wa amayi aja amene anandigwira manja anabwera kudzabwereka sefa, akuseka, n'kundifunsa ngati mbatata zanga zachita bwino. Za Mariya palibe anatchulapo. Palibe anati pepani. Mudzi unali utachira, ndipo unkayembekeza kuti ifenso tichire nawo limodzi. Sefayo ndinamupatsa, ndipo atabweza ndinakaiponya kudzala.

Juni

Chimene chinatichotsa chinali Rute. Anayamba kukana sukulu, ndipo nditamufunsitsa anati anzake sakhala naye pafupi, amamutchula mwana wa womanga mvula, ndipo amamufunsa kuti bambo ake adzamupereka liti iyeyo. Amuna anga anamva ali panja akusema mpini. Anauika pansi. Madzulo ake anapita kwa aMakwinja, amene anali atamva za esiteti ina ya cha ku Chamama yofuna matenanti a chaka chotsatira.

Tinanyamuka kukuzizira, mphepo ya mwera ikuulutsa mapesi. Katundu yense anakwana pamutu ndi panjinga ya aMakwinja. Amuna anga anakatsanzika kwa alamu, n'kuwasiyira munda wa makolo awo kuti aziuyang'anira. Alamu anati ayende bwino, mudzi ndi wawo, adzabwerere akafuna. Mvula yotsatira alamuwo anadzala fodya m'mundamo. Umo ndi mmene ife, anthu a munda wathuwathu, tinasandukira matenanti, odikira phoso la bwana ndi mbale m'manja, ndipo ndi mmene tilili mpaka pano. Rute anakula, anakwatiwa ku Kasungu kuboma. Ndinayambanso kupita kutchalitchi cha kuno, ndimaimba nawo, koma pali mawu ena m'nyimbo amene ndikafikapo ndimangotseka pakamwa.

Chaka chatha, tili m'chigafa kusankha fodya, foni ya amuna anga inalira. Anali mwana wa alamu, akuti bambo ake adwalika kwambiri ndipo akungotchula mng'ono wawo. Amuna anga anamvetsera, anaika foni m'thumba, anapita kukasamba m'manja, n'kundipempha kuti ndiwatulutsire jekete.

Ndinawafunsa chimene ndinali ndisanawafunsepo zaka zonsezi. "Bambo a Rute, kodi anthu aja munawakhululukiradi?"

Anakhala pa belo la fodya n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato. "Ndimawakhululukira, koma sizikhalitsa. Zili ngati kupalira m'dambo. Ukafika kumapeto kwa mzere, kumbuyo udzu wamera kale, ndiye umayambiranso." Anadzutsa mutu. "Nanga inu, amake Rute?"

Ndinawauza kuti ine munda umenewo sindinauyambe.

Sanandidzudzule, ndipo sanandipemphe kuti tipitire limodzi. Ndinawapatsa jekete, ndinawamangira mbatata yootcha ya panjira, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Basi itabwera anakwera okha, ine n'kubwerera kuchigafa kukamaliza mulu wanga ndi wawo.